A Malume Mbewe ndi Mawu Opita n'Kubwera

Aziza ndiye anayamba kundiimbira foni. Ndinali pamzere wa kombi, maminibasi athu, m'tauni muno mu Bulawayo, ndiye akuti, "Esinati, ukudziwa kuti lero chakwana chaka chimwalirire ababa Mbewe?"

Ndinkadziwa. Ndinadzuka nazo m'mutu. Koma kumva mwana wa eni akundikumbutsa za malume anga enieni, amene anandilera m'nyumba mwawo ku Sizinda, chinandibaya mumtima. Ndinangoti zikomo pondikumbutsa. Mabulashi awo olembera ali kwa iye ku Iminyela, anachita kumupatsa okha adakali moyo. Ine anandisiyira ketulo.

Musandiseke, nsanjeyi ndi yakumtundu. Munthu amene ndikufuna kukamba za iye anali nayo yoposa yanga, ndipo ankaisamala ngati mbuzi ya mkaka.

A Yotamu Mbewe anali alongo awo a mayi anga. Anachoka ku Dedza ali mnyamata, dziko likutchedwabe Nyasalande, ndipo sanabwererenso. Ntchito yawo inali yolemba zikwangwani. Mafakitale a ku Belmont asanayambe kutsekedwa, mayina ambiri amene munkawaona pazipata, pamalole ndi pamagalasi a maofesi linali dzanja lawo. Anali munthu wamfupi, wa zala zazitali, wonunkhira thinala wosungunulira penti ngakhale Lamulungu kutchalitchi. Pagalasi ankalemba ali mkati kuti mvula isakokolole penti, choncho ankayenera kutembenuza chilichonse, kuyambira chilembo chomaliza n'kumabwerera nacho kuchiyambi. Ntchitoyo inawalowa m'mutu. Mukamalankhula nawo, milomo yawo inkagwedera pang'ono, ndipo ife a m'nyumba tinkadziwa kuti sakupemphera ayi, akutembenuza mawu anu.

Ankati zinayamba tsiku lina akudikira kuti penti iume. Anzawo awiri anali atakhala panja pa galasi akuzemba ntchito, ndiye powanena, analemba ndi chala pafumbi la galasilo kuti AWA. Atatuluka panja anapeza kuti mawuwo sanasinthe. Mkati AWA, panja AWA. Kuyambira pamenepo anayamba kusaka mawu amene amawerengeka chimodzimodzi kuchokera kutsogolo ndi kuchokera kumbuyo. Ankawatcha mawu opita n'kubwera. Oyamba anali aafupi: ana, uyu, apa, izi. Kenako anayamba kugwira aakulu, a zilembo zisanu ndi ziwiri. Akuluka. Anakana. Amakama. Limene ankalikonda koposa linali akapaka, poti ankati limanena za iwowo ndi penti yawo, ndipo munthu wina akalitchula mwangozi ankamuyang'ana ngati wavala jekete lawo.

Ndi manambala zinali chimodzimodzi. Kombi ya nambala yowerengeka mbali zonse ankailonjera ndi chipewa, ndipo ankalolera kuidikira ina yopanda anthu itaima pamaso pawo. Ankaitana ana a mumsewu mwathu kuti abwere aone matsenga. Ankati tchula nambala iliyonse. Wina akati 57, iwo ankalemba pansi ndi kamtengo, n'kuitembenuza kukhala 75, n'kuphatikiza. Yapezeka 132. Itembenuzenso, 231, phatikiza, ndiye 363, yopita n'kubwera. Ankati manambala ambiri ndi omvera, ukawatembenuza kangapo amagonja. Koma 196 inawakanika mpaka ukalamba. Ankailemba pakhoma la kuseri ndi choko, mzere kutsika mpaka pansi, mvula n'kufufuta, iwo n'kuyambiranso. Nambala imeneyo anaipatsa dzina. Ankaitcha Amidu.

Che Amidu anali telala wa ku Iminyela, Myao wa ku Mangochi, Msilamu wosaphonya swala, bambo ake a Aziza. Iwo ndi a malume anakumana panjira yobwera kuno ali anyamata, ndipo anagonapo m'chipinda chimodzi zaka zoyamba. Mu Bulawayo monse, Che Amidu ndiye anali munthu amene a malume ankalankhula naye Chichewa chathunthu, chosagwera m'Chindebele pakati pa chiganizo ngati chathu ife obadwira kuno. Loweruka lililonse masana a malume ankapalasa njinga kupita ku Iminyela, n'kukhala pambali pa makina osokera mpaka dzuwa kupendeka.

Ankawakonda, ndipo ankawachitira nsanje pa chilichonse. Che Amidu anali wamtali. Che Amidu anali ndi tsitsi mpaka ukalamba. Che Amidu ankawerenga Chiarabu kuchokera kumanja kupita kumanzere chiyambire ubwana, chinthu chimene a malume anachivutikira zaka kuti achizolowere. Koma chachikulu chinali ana. A malume ndi akazi awo, azakhali MaNdlovu, sanaone mwana wawowawo. Che Amidu nyumba inali yodzaza, ndipo chitsirizira anamutcha Aziza, dzina la agogo ake. A malume atamva dzinalo akuti anafunsa kuti anakuuzani ndani. Che Amidu sanamvetse funsolo. Iwo anangotcha mwana dzina la mayi awo, osadziwa kuti A-z-i-z-a amapita n'kubwera.

Mtsikana ameneyo a malume anamukonda ngati wawo. Akamuona ankati wafika wa dzina lokwana. Langa ankati ukalitembenuza limati "itanise", ndiye n'loyenera munthu wotumidwa kukaitana ena. Aziza atatsegula saluni yake, a malume anali atasiya kale ntchito, makina odula zilembo atawalanda msika, koma anatulutsa mabulashi n'kukamulembera dzina pagalasi ndi penti yagolide, ulere. Ine nditayamba kugulitsa zovala pamsika ndinalemba ndekha pakatoni.

Zonena zawo zinali zochepa koma ankazibwereza. Ankati munthu woona amafanana ndi mawu opita n'kubwera, umupeze kumaso, umupeze kumbuyo, ndi yemweyo. Masiku amene ankabwera kuchokera ku maofesi a zitupa atauzidwanso kuti ndi mlendo, ngakhale anakalambira kuno, ankati mawu oti "ine" ukawatembenuza amakhala "eni", ndiye kuti munthu ukafuna kukhala mwini malo uyenera kutembenuka n'kubwerera kumene unachokera. Koma iwo sanatembenuke. Ankati ku Dedza amene ankawadziwa onse ali kumanda, akafikira kwa yani.

Mikangano sinkawasowa. Chaka china kutchalitchi kwathu kunabwera mphunzitsi wochokera ku Malawi kudzaona abale ake. A malume anamuitanira tiyi kuti amuonetse chuma chawo, ndipo pakati pa mawu awo panali "alimila". Mphunzitsiyo mwaulemu anati masiku ano amalemba "alimira", ndi r, ndiye silibwereranso. A malume anati pamene iwo ankachoka kumudzi anthu ankalimila, ngati ayamba kulimira ndi zawo. Mphunzitsi anatulutsa buku la nyimbo n'kuwaonetsa. A malume anagonja, koma mlendoyo sanamuthirirenso tiyi wachiwiri, ndipo kwa mwezi wathunthu ankadandaula kuti munthu wangobwera ndi basi n'kuwalanda liwu limene analisunga zaka.

Mkangano waukulu unali wa mu 2002. Chaka chimenecho a malume anachidikira kuyambira 1991, ndipo ankauza aliyense kuti tichisamale, china chotere ndi 2112, palibe mwa ife adzachione. Amalawi a ku Sizinda, Tshabalala ndi Iminyela anali ndi sosayiti yothandizana pamaliro, Akhristu ndi Asilamu pamodzi, ndipo tsiku lina chaka chimenecho inakumana pabwalo la nyumba ya mmodzi wa akuluakulu. Ine ndinali kumbali ya amayi, tikugawa tiyi ndi mabanzi. Zokambirana zitatha, achinyamata anapempha a malume kuti afotokoze mmene anabwerera kuno. Nkhaniyo ankaikonda, ndipo chaka chilichonse inkanenepa. Tsiku limenelo anati anayenda pansi kuchokera ku Dedza, nsapato zili paphewa, ndipo atawoloka Zambezi anakumana ndi mkango utagona pakati pa njira.

"Ndinauyang'ana m'maso," anatero a malume, "nawonso kundiyang'ana. Ndinati, iwe, ine ndikupita kukafuna ntchito, ulibe chako apa. Unadzuka wokha n'kupatuka."

Che Amidu anali atakhala pafupi nawo, kapu ili m'manja. Anaseka mpaka tiyi kutayikira, n'kuwaloza ndi chala chachikulu.

"Awa amanama awa! Tinabwera pa lole. Ulendo wonse anagona pathumba la nyemba, kudzuka n'kufunsa ngati tafika."

Bwalo lonse linafa ndi phwete. A malume nawonso anayamba kumwetulira, chifukwa kunyozana kotere kunali kwa masiku onse pakati pawo. Kenako ndinaona milomo yawo ikugwedera. Chala chawo chinayamba kulemba pabondo. Kumwetulira kuja kunazima. Anaimirira, kutenga chipewa, n'kutuluka pageti osatsanzika, tiyi ali wosamwa.

Titafika kunyumba tinawapeza ataima pachitseko cha kukhitchini ndi choko m'manja.

"Kanti kwenzenjani, baba?" anafunsa azakhali MaNdlovu, kutanthauza kuti chachitika n'chiyani, poti akadabwa ankathawira ku Chindebele chawo. "Mwachita manyazi ndi nkhani ya mkango? Mesa aliyense amadziwa kuti kunalibe mkango?"

A malume anandikodola ine. "Esinati, werenga apa."

Pachitseko analemba kuti AWA AMANAMA AWA. Ndinawerenga.

"Tsopano yambira uku, chilembo chimodzichimodzi."

Ndinayambira kumapeto. A, w, a, a, m, a, n, a, m, a, a, w, a. Zinali zomwezo.

"Zilembo khumi ndi zitatu," anatero. "Chiganizo chathunthu, chomveka, choti munthu n'kulankhula pagulu. Ine moyo wanga wonse ndili pa zisanu ndi ziwiri. Iye wangotsegula pakamwa ali ndi banzi m'kamwa."

Azakhali anawomba m'manja kamodzi n'kunena kuti umenewu ndi umona, kutanthauza nsanje, ndipo ndi wamisala. A malume anatilamula tonse awiri kuti tisauze munthu, makamaka a ku Iminyela. Ankati mwina Amidu wachita dala, ndiye asamupatse chimwemwe choona kuti zalasa. Mwinanso sakudziwa, ndiye asadziwe.

Loweruka lotsatira njinga sinatuluke. Linzake chimodzimodzi. Che Amidu anaganiza zimene aliyense akanaganiza, kuti mnzawo wakwiya chifukwa chotchedwa wabodza pamaso pa ana. Anatumiza Aziza ndi nkhuku. A malume analandira nkhukuyo, kumufunsa mtsikanayo za kusukulu, n'kumuperekeza mpaka pokwerera kombi, koma za bambo ake sanatchule. Che Amidu anasoka malaya oyera a kolala yolimba n'kutumiza. A malume anawapinda n'kuwaika pansi pa sutikesi. Kenako Che Amidu anabwera okha ndi akuluakulu awiri a sosayiti kudzapepesa. A malume anawalandira bwino, kunena kuti palibe mlandu, palibe chopepesa, aliyense apite ndi mtendere. Koma ku Iminyela sanapondeko.

Zinatenga zaka, ndipo zinali zaka zoipa. Mafakitale ankatsekedwa limodzi ndi limodzi, anzawo ena kumwalira, ena kutsatira ana ku Joni. A malume anatsala opanda wolankhula naye. Ife tikayankha Chichewa chathu chosakaniza ankatseka maso ngati aluma mwala mu mpunga. Ndinkawamva kuseri kwa nyumba akudziyankhulira okha, kufunsa funso n'kudziyankha ndi mawu okhuthala ngati a munthu wina. Nthawi yonseyo ankasaka choti apambane nacho. Anapeza anakakana, zilembo zisanu ndi zinayi. Anapeza anakakakana, khumi ndi chimodzi, n'kutifotokozera kuti ndi munthu amene anapita kukakana kamwana kake. Tinawayamikira. Anati tisawanyengerere, zatsala ziwiri.

Chimene chinawakumanitsa ndi maliro a azakhali MaNdlovu. Che Amidu anabwera tsiku loyamba n'kukhala ndi azibambo mpaka tinaika. Anthu atabalalika, masana a tsiku lotsatira, anabweranso ndi Aziza. Anapeza a malume atakhala pabenchi pakhonde, n'kukhala kumapeto kwa benchi lomwelo. Ine ndi Aziza tinali pansi pamkeka tikutsuka makapu obwereka.

"Achimwene," anayamba Che Amidu, akuyang'ana pansi, "ndakhala ndikuganiza. Mkango uja unalipo. Ndakumbuka tsopano. Ndinauona ndi maso angawa, unali waukulu."

Aziza anasiya kapu n'kuyang'ana bambo ake. Munthu ameneyu sankanama ngakhale pa mtengo wa ulusi.

"Kunalibe mkango," anatero a malume. "Tinabwera pa lole. Musadzichimwitse chifukwa cha ine, Che Amidu."

"Nanga ngati si mkango, n'chiyani? Ndinakulakwirani chiyani choti mpaka ndevu zathu zachita kuyera tili chotalikirana? Ndiuzeni lero, mawa sitikulidziwa."

A malume anatola kamtengo, kuwerama, n'kulemba padothi mawu aja. Che Amidu ankawerenga zilembo zathuzi movutikira, ndiye anaitana mwana wawo. Aziza anawerenga kuchokera kumanzere. A malume anamuuza kuti ayambire kumanja. Atafika pakati anagwira pakamwa.

"Baba, zikufanana. Uku ndi uku n'chimodzimodzi."

Che Amidu anayang'ana dothilo, kuyang'ana mnzawo. "Ndiye kuti chiyani?"

"Ndiye kuti munandipambana," anatero a malume. "Masewera anga, a moyo wanga wonse. Inu simunawasewerepo n'kamodzi komwe."

"Ine ndinkangonena kuti mukunama."

"Simunadziwe?"

"Ndikanadziwa bwanji? Ine ndi telala."

A malume anaponya kamtengo kaja kutali. "Ndiye zimene zikundiwawazo! Mukanakhala kuti munakhalira pansi n'kuvutikira, ndikanakugwirani chanza. Koma inu zinthu zimangokugwerani. Msinkhu, tsitsi, ana, dzina la mwana, mpaka mawu anga. Simupempha n'komwe."

Apa tonse tinadziwa kuti pamndandandawo chowawa chenicheni si tsitsi. Che Amidu anati, "Ngati ndi mawuwo, tengani. Ndi anu. Ine ndilibe nawo ntchito."

"Sindilandira zotola."

Che Amidu anayesetsa kudzigwira, koma phwete linawapulumuka. Anaseka mpaka kutsokomola, misozi ili mbwembwembwe, akubwereza kuti zaka zonsezi, nkhuku yanga, malaya anga. A malume sanaseke. Anadikira kuti mnzawo amalize, n'kunena kuti Loweruka tiyi asakhale wamadzimadzi ngati wa kale uja.

Anabwereradi ku Iminyela, tsopano pa kombi poti miyendo inali itakana njinga. Nsanje sinathe ayi. Aziza ankandiuza kuti bambo ake akamalankhula, a malume ankatchera khutu ngati mlonda, kuopa kuti mwina chigwanso china. Kwa anthu ankanena kuti njira ya Amidu ndi yachidule, kungoika "awa" uku ndi uku ngati zitseko za wadiropu, mwana aliyense angathe. Koma iwo omwe anaibwereka. Tsiku lina anafika ndi "awa anakakana awa", zilembo khumi ndi zisanu, n'kuilemba pathebulo lodulira nsalu ndi choko cha telala. Che Amidu anaimirira, kuwagwira chanza ndi manja awiri, n'kunena kuti mwapambana achimwene, ndasangalala kwambiri. A malume anabwera kunyumba atakwiya. Anati kupambana munthu amene akusangalala nawe kuli ngati kumenya thumba la thonje.

Che Amidu ndiwo anatsogola. Kumanda kunapita azibambo okha monga mwa mwambo wawo, ndipo a malume anavala malaya oyera aja, kolala ikukhwepa poti anali ataonda. Atabwerako anakhala pakhonde osavula nsapato. Ndinawapatsa madzi. Anandifunsa ngati ndamva zaka zimene zinali pachitupa cha malemuyo. Ndinati ayi.

"Eyite-eyiti," anatero. "88. Ngakhale pofa wasankha yabwino. Ndipo ndikudziwa kuti sanaganizeko n'komwe."

Atatero analira, kulira kwenikweni kotulutsa mawu, kumene sindinakuone ngakhale pamaliro a akazi awo.

Iwo atakwanitsa 88 anakana kuti tiwaphikire kalikonse, ati nambalayo yagwiritsidwa kale ntchito ndi wina. Anati adikira 99. Sanafike. Anamwalira ali ndi 91, m'nyengo yozizira, atadwala chifuwa masiku ochepa. Aziza ndi ine tinkasinthana powadikirira kuchipatala, ndipo anatsirizika pa tsiku lake iye, ine nditapita kukasintha zovala.

Nditamaliza kulankhula ndi Aziza pafoni paja, sindinakwere kombi ya kwathu. Ndinakwera ya ku Sizinda. Nyumbayo tinaibwereketsa kwa banja lina lochokera ku Gwanda, ndipo aisamala bwino. Apaka makoma penti yobiriwira, yothimbirira malo ena, yodontha m'mphepete mwa mawindo. Pakhonde aikapo firiji yogulitsiramo mafiriziti, timadzi tozuna toziziritsa ta m'timapepala, ndipo pomwe pankakhala a malume pali mabokosi a mabotolo opanda kanthu. Mtengo wa mapichesi anaudula kuti galimoto izilowa. Mumsewu ana ankasewera mpira wa mapepala, akukuwa m'Chindebele ndi Chingerezi, ndipo palibe anandizindikira.

Ndinaima pageti n'kunena kuti, "Odi!"

Panalibe woyankha. Ndinabwereza mokweza. Mayi wina amene sindinamuonepo, mwina mlendo wa eni nyumbawo, anasuzumira pawindo ali ndi mwana kumsana. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, osamvetsa chimene ndanena, n'kufunsa m'Chindebele kuti ndikufuna ndani.

Ndinatsegula pakamwa, koma dzina loti nditchule panalibe. Ndinagula firiziti imodzi n'kubwerera kokwerera kombi.